Masamba a Mtovu a Egya Bentsil

Egya Bentsil (kwathu kuno Egya ndi kunena kuti bambo) anali munthu wamfupi wa makutu aakulu, ndipo makutuwo sanali okongoletsera mutu, ankagwira ntchito. Zaka makumi anayi ndi chimodzi anaimirira pamalo amodzi m'nyumba yosindikizira mabuku ya malemu Egya Dadzie, kuseri kwa msika kuno ku Sekondi, mpaka simenti inakumbika timaenje tiwiri tolingana ndi mapazi awo. Ine ndinkawauza kuti tsiku lawo likadzakwana sitidzavutika kukumba kwina, tidzangowonjezera pomwepo. Sankaseka. Pa nthawi ya ntchito sankaseka, ndipo nthawi ina yosakhala ya ntchito analibe.

Ine ndine Kweku Ackon, wodula mapepala ndi kusoka mabuku. Sukulu ndinailawira m'kalasi yachinayi, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti tonse awiri tatopa. Ndinayesako usodzi, koma nyanja inkandilanda chilichonse chimene ndadya, choncho ndinalowa kwa Dadzie ndili kale ndi ndevu ndi ana awiri. Tebulo langa linali moyang'anana ndi la Egya Bentsil. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinaonerera dazi lawo likukula.

Ntchito yawo inali kuyala zilembo. Makompyuta asanabwere, chilembo chilichonse chinali kachitsulo ka mtovu kochepa ngati kamtengo ka machesi koduka. Tizitsuloti tinkakhala m'madirowa athabwa, chilembo chilichonse m'kachipinda kake. Egya ankatola kamodzikamodzi osayang'ana n'komwe, n'kumandandalika chadodolido m'kathireyi ka m'manja mpaka mzere utadzaza. Mizere ikakwana tsamba, ankalizunguliza ulusi kasanu n'kumanga kuti zilembo zisabalalike. Tsamba limodzi lotero linkalemera ngati khanda. Likasindikizidwa, ankamasula ulusi uja n'kubwezera chilembo chilichonse kwawo.

Vuto linkabwera kumapeto kwa mzere. Mawu a Chingerezi ndi aatali, malo amatha iwo asanathe. Pamenepo woyala zilembo amayenera kuwadula, theka litsale, theka litsikire ku mzere wapansi. Anzawo a m'nyumba zina ankangodula pomwe malo athera, ngati wogulitsa nyama amene watopa. Egya Bentsil ayi. Ankaima kaye, kutchula mawuwo mokweza, uku akugogoda tebulo ndi chala: go, go, go. Kugogoda kumodzi kunkamveka kwambiri kuposa kwinako.

"Mawu ali ngati nzimbe, Ackon," ankatero. "Ali ndi mfundo, ndipo mpeni umalowa pa mfundo. Mwa mfundozo pali imodzi yolemera, imene eni chinenero amaiponda polankhula. Ukaponda yolakwika, mawu amatsimphina."

"Nanga akatsimphina safika, Egya?"

"Amafika ngati iwe. Mochedwa, anthu akuseka."

Koma mtima wawo wonse unali pa mawu amene iwo ankati ndi okwatirana, mayina awiri amene akumana n'kusanduka dzina limodzi. Ankati ena amagona nyumba imodzi, monga fisherman. Ena amangogwirana dzanja, kamzere kali pakati. Ena ali ngati maukwati a asodzi athu a kugombe, mwamuna kunyumba ya bambo ake, mkazi kwa mayi ake, choyenda ndi mbale ya chakudya yokha, koma aliyense akudziwa kuti ndi banja. Mawu otero ukafuna kuwadula, umadula pamene anakumanirana, osati pamimba pa mmodzi wa iwo. Ndipo kawirikawiri wolemera amakhala woyambayo, wachiwiri n'kumatsatira motsitsa mawu.

"Ndiye ndi kwathu kumeneko," ndinawauza. "Woyambayo ndi mayi a ana. Ine ndimamveka pang'ono chabe kumapeto."

"Dula mapepala, Ackon."

Zonsezi sanazitenge kusukulu. Anayamba ndi buku lotanthauzira mawu lopanda chikuto, limene mphemvu zinaliwerenga kwambiri kuposa anthu, koma ankati buku silitsegula pakamwa. Chimene ankachikhulupirira ndi khutu. Wani koloko iliyonse, ife tikudya dokono, nsima yathu ya chimanga yowawasa, ndi nsomba yokazinga, iwo ankagunditsa khutu pa wailesi kumvera owerenga nkhani a ku Mangalande. Ku Mangalandeko sanapondeko. Ulendo wawo wautali unali wa ku Kumasi, kumaliro, ndipo anabwerako akudandaula za zikwangwani za m'misewu, za malemuyo osanenapo kanthu.

Chaka chimene mkazi wawo anamwalira ndi chimene anayamba buku. Linali loti lidzathandize oyala zilembo ndi ana a sukulu: mndandanda wa mawu okwatirana kuyambira pa A, mfundo iliyonse yolekanitsidwa ndi kadontho, mfundo yolemera yoyalidwa ndi zilembo zonenepa. Egya Dadzie anawalola kugwiritsa ntchito zilembo zakale zimene zinkangogona m'madirowa apansi. Loweruka masana, ife tikapita kumaliro kukavina, iwo ankatsala okha ndi buku lawo.

Apa mumve bwino, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Bukulo sanalilembe papepala, ngakhale mzere umodzi. Linkachoka m'mutu n'kulowa m'zitsulo. Ankati pensulo ndi ya anthu okayikakayika. Tsamba likatha ankalimanga ulusi, kulikuta nyuzipepala, n'kuliika pa thabwa m'kabati yaitali imene inatsamira khoma la chipinda chakumbuyo. Anayambira thabwa lapansi n'kumakwera. Kusindikiza ankakana. Panali mawu ena amene wailesi inali isanawatchule, ndipo iwo sankafuna kulota pamene pali mfundo yolemera. Pamalo otero ankasiya kachitsulo kotembenuza n'kumadikira. Dzina la nsikidzi m'Chingerezi analidikira zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhondo zinayamba n'kutha, mafumu anafa ena n'kulowa, owerenga nkhani osatchulako nsikidzi. Ndinadzipereka kutumiza zanga zingapo mu envulopu kuti nkhaniyo ifulumire.

"Chosindikizidwa sichibwerera, Ackon," anandiyankha. "Mwana wa mwini adzaloweza bodza langa n'kukalamba nalo."

M'zaka makumi awiri anayala masamba 53.

Egya Dadzie atamwalira, ntchito inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Ewurabena. Sindimunenera choipa. Egya Bentsil anamunyamulapo ali khanda, ndipo iye ankawatchula Wofa, ngati malume ake enieni. Koma anagula makompyuta, chifukwa aliyense anagula. Ntchito yathu yaikulu inasanduka timabuku ta maliro, tija ta chithunzi chachikulu cha malemu akumwetulira ngati sanamve zimene zachitika. Kompyuta imadula yokha mawu, pena pa mfundo pena pamimba, ndipo palibe wofedwa anabwerapo kudzadandaula. Anthu amayang'ana chithunzi, n'kufufuza ngati dzina lawo lili pa mndandanda wa olira, basi. Egya anatsala ndi makadi a ukwati a anthu okonda zakale. Kenako makadiwo ankabwera kawiri pachaka. Kenako zii. Iwo ankafikabe seveni koloko, kuvala epuloni, n'kumapukuta fumbi pa madirowa.

Lolemba lina m'mawa Ewurabena analowa m'chipinda chathu n'kukoka mpando.

"Wofa, khalani pansi ndikuuzeni."

"Ndimamva bwino nditaima."

Anawauza ataima choncho. Loweruka kukubwera makina aakulu ochokera ku Accra, osindikiza zinsalu za maliro, ndipo malo ake ndi chipinda chakumbuyo. Zilembo zonse za mtovu zichoka. Egya Tawiah, amene amasungunula mtovu kugombe n'kupanga timiyala tolemeretsa makoka a asodzi, adzabwera Lachisanu masana kudzatenga.

"Koma buku lanu lisindikizidwe kaye, Wofa. Mapepala ndi inki ndipereka ine. Makina akale aja Ackon awapukuta. Muli ndi masiku anayi."

"Silinathe."

"Latsala chiyani?"

"Mawu khumi ndi asanu ndi anayi. Sindinawamve."

Ewurabena anatulutsa foni. "Nenani oyamba."

Egya anamuuza zilembo zake, iye n'kudinadina. Mwadzidzidzi kamkazi ka m'fonimo kanatchula dzina la nsikidzi lija, momveka bwino, mfundo yolemera ili poyera. Kanabwerezanso, kosatopa. Anapita pa mawu achiwiri, achitatu. Onse khumi ndi asanu ndi anayi anatha tiyi wanga asanazizire.

Pamenepo Egya Bentsil anakhala pansi popanda wowauza.

"Kamawadziwa onse?"

"Onse, Wofa."

"Ndi amene ali m'kabati aja?"

"Ndi amenewonso."

Ndinati ndithandize. "Komatu kameneko sikadziwa kumanga ulusi, Egya." Palibe anaseka, ngakhale ine. Iwo anayang'ana zala zawo nthawi yaitali, zala zakuda kunsonga ngati zoviikidwa m'makala. Kenako anati, "Tisindikiza. Mawa seveni koloko."

Lachiwiri ndinafika nditathira kale mafuta m'makina akale. Tinatsegula kabati ija. Munali matabwa khumi ndi limodzi osanjikizana, ndipo lililonse linkasenza masamba asanu okutidwa nyuzipepala zofiirira, kupatula lapamwamba limene linkakhala ndi atatu. Munatuluka fungo la nkhungu ndi mphemvu ziwiri zonenepa ngati madikoni. Koma atatu apamwamba aja Egya anali atawatsitsa kale dzulo lake, pamodzi ndi anayi a pa thabwa lotsatira, kuti akonze malo amene anasiya. Amenewo anali pa tebulo lawo.

"Tiyambe kumwamba, Egya, tizitsika nazo," ndinatero.

"Buku limayambira pa tsamba loyamba."

"Tsamba loyamba lili pansi pa anzake onse. Ngakhale nkhuni munthu sasolola yapansi."

"Unasindikizapo mabuku angati iwe? Koka thabwalo. Osanyamula, kukoka. Pang'onopang'ono."

Ndinagwada n'kugwira thabwa lapansi. Linakana. Ndinaligwedeza pang'ono, linakanabe. Ndinakoka ndi mphamvu.

Chimene tonse sitinkachidziwa n'chakuti chiswe chinali chitalowera kukhoma n'kudya msana wonse wa kabatiyo, kusiya penti yokha. Zaka zonsezo matabwa aja ankangotsamirana okha, lapamwamba pa lapansi. Nditasolola langalo, kabati inagwada ngati munthu wakomoka kutchalitchi. Ndinangokwanitsa kuchotsa mutu. Ndipo ulusi uja, umene unamwa chinyezi cha mchere zaka zonsezo, sunalimbane n'komwe. Unangosanduka fumbi. Phokoso lake linali ngati matalala pa malata, ndipo silinafune kutha. Titaganiza kuti latha, kachilembo kena kankagubudukabe pansi pa makina, kenanso, kenanso.

Mulu wake unandifika m'maondo, ine ndili chigwadire. Masamba makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, osatsala ngakhale mzere umodzi woimirira.

Ewurabena anathamanga kuchokera kutsogolo, manja ali kumutu. "Wavulala ndani?"

"Palibe," anatero Egya. Anawerama n'kutola kachilembo kamodzi, kukayang'anitsitsa, n'kukaika m'thumba la epuloni. Kenako anatola kena.

Ine pakamwa panga sipasowa chonena. Pa maliro a bambo anga omwe ndinaseketsa anthu mpaka azakhali anandithira madzi. Tsiku limenelo ndinafufuza m'mutu monse, ndinapeza mulibe kanthu. Ndinangoti, "Egya, ndakoka kwambiri."

"Ndinakutuma ndine."

Sitinabwerezenso nkhani imeneyo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira kapena anangosowa mphamvu zondikalipira.

Lachitatu lonse anakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula ngati mayi wosankha mpunga, kulekanitsa zilembo. Zonenepa ndi zowonda zinali zitasakanikirana, madontho atalowa paliponse, ndipo maso awo sanalinso aja akale. Kachilembo kalikonse ankakafikitsa pamphuno. Ine ndinayesa kuwathandiza, koma chilembo chotembenuka chimandinamiza, ndipo theka la zimene ndinasankha anazibwezera pa mulu. Pofika madzulo anali atayala mizere isanu ya tsamba loyamba.

Lachinayi m'mawa Ewurabena anabwera ndi nzeru ina. "Wofa, bukulo lili m'mutu mwanu. Bwerani kutsogolo kuno. Inu muzinena, Maame Aba azilemba pa kompyuta. Ngakhale mwezi wathunthu, ngakhale iwiri. Zimenezo sizifuna mtovu."

Anapita. Anakhala pambali pa Maame Aba, mlembi wathu, manja ali pamaondo ngati wodwala wodikira dokotala. Ananena mawu oyamba, achiwiri, mpaka achisanu ndi chiwiri. Kenako anaima. Maame Aba anadikira, zala zili m'mwamba. Dzanja lamanja la Egya linkanyamuka lokha kufuna kutola chinthu mumlengalenga, n'kubwerera.

"Musafulumire, Egya," anatero Maame Aba. "Ine ndili pompano."

Anakhala choncho mpaka nthawi ya chakudya. Kenako anadzuka n'kubwera kumbuyo kuno.

"Sizikubwera, Ackon. Ndimayesa zili m'mutu. Zinali m'zala. Chala chikagwira chilembo, chinzake chinkabwera chokha. Pamenepaja palibe chogwira."

Anabwerera pa mulu paja. Koma mulu si dirowa. Chala chikapita kumene chinazolowera, chinkapeza chilembo chachilendo. Dzuwa likupendeka anali ndi mizere isanu ndi inayi. Anandiitana.

"Pambuyo pa anthill pankabwera chiyani?"

"Egya, mukufunsa ine? Munthu wa kalasi yachinayi?"

"Zaka zonsezi unali pomwepo. Ndinkatchula mokweza."

"Ndinkamva kugogoda kokha."

Anagwedeza mutu ngati ndanena zanzeru. Kenako anapendeketsa kathireyi kaja, mizere isanu ndi inayi ija n'kutsetserekera pa mulu.

Ewurabena anati auza Egya Tawiah adikire sabata ina, makina atsopano agone panja pansi pa lona. Egya Bentsil anakana. "Sabata ichita chiyani, mwanangu? Ndipatse zaka makumi awiri ndi maso ena. Ulibe. Muuze abwere."

Lachisanu m'mawa tinasindikiza masamba asanu ndi awiri amene anapulumuka pa tebulo. Egya anawamanga okha m'makina, anapaka okha inki, ine ndinkangopalasa chopondera. Ndinawafunsa kuti tipange mabuku angati.

"Limodzi."

"Mapepala alipo ambiri, Egya. Tipange makumi asanu, tigawe m'masukulu."

"Ukagawe mchira wopanda mbuzi? Limodzi."

Kunena zoona masambawo anatuluka okongola. Ine sindidziwa Chingerezi, koma ndimadziwa tsamba loyera. Madontho ali pamzere ngati mikanda, zilembo zonenepa zitakhala pamalo pake, kulemba kolowa m'pepala moti ukhoza kukumva ndi chala. Egya anawayala pa tebulo kuti aume. Aka kanali koyamba kuona buku lawo litayang'ana kumene anthu amawerengera.

Egya Tawiah anafika dzuwa lili paliwombo ndi ngolo yokankha, matumba ndi fosholo. Ndi munthu wa phokoso, wonunkha utsi ndi nsomba.

"Ee, Ackon, ukadali moyo? Ndimayesa anakudula ndi mpeni wako womwewo!" Ataona mulu uja anaomba m'manja. "Mwandithandiza, anthu a Mulungu! Ine ndimati ndivutika kukhuthula m'madirowa. Wandiunjikira ndani?"

"Ine," anatero Egya Bentsil.

"Mulungu akudalitseni, Egya. Mtovu wabwino uwu, wolemera. Makoka a Sekondi yense amira bwino chaka chino."

Ndinamuponda phazi, koma munthu wa kugombe phazi lake ndi chikopa cha ng'ombe. Anayamba kuwola ndi fosholo, uku akuimba. Egya Bentsil anamugwirira thumba. Mulu utatha, Egya Bentsil anamasula okha ulusi wa masamba asanu ndi awiri aja n'kuwakankhira m'thumba lomaliza. Anapisanso m'thumba la epuloni n'kuponyamo tizilembo tija anatola tsiku la ngozi.

Ngolo itapita, anasonkhanitsa mapepala aja n'kuwaika patsogolo panga.

"Soka."

"Egya, timapepala tisanu ndi tiwiri sasoka. Ndingomenya waya pakona."

"Ndati soka."

Ndinasoka ndi ulusi wabwino umene ndimasungira mabaibulo a maabusa. Ndinadula m'mbali mwake bwinobwino, n'kuveka chikuto cholimba cha buluu. Kenako ndinafunsa kuti pachikutopo tilembe chiyani, popeza tsamba la mutu wa buku linapita ndi anzake.

"Usalembe kanthu."

"Ngakhale dzina lanu?"

"Munthu saika dzina pa chinthu chosatha."

Analitembenuza kawiri m'manja, n'kulisiya pa tebulo langa. Anavula epuloni, kuipinda, n'kutuluka kudzera khomo lakumbuyo kuti asadutse kwa Ewurabena, amene ankalira mu ofesi. Ndinawathamangira ndi bukulo mpaka pakona pa msika.

"Egya, mwaiwala."

"Sindinaiwale," anatero, osatembenuka.

Mwezi womwewo mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga, ndipo tsopano amakhala ku Mankessim. Iye amati bambo ake savuta: amadya, amagona, amakhala pakhonde. Ine chaka chino ndi chachitatu ndikunena kuti ndikawaona Loweruka likubwerali. Galimoto zilipo, msewu ndi wabwino. Koma munthu ngati ine akafika pakhomo anthu amayembekezera kuti awaseketse, ndipo ndikayeseza m'njira zoti ndikanene, ndimatsikira pa Cape Coast n'kukwera yobwerera.

Bukulo lili m'dirowa langa, pansi pa singano. Limayambira pa tsamba 47, pakati pa mndandanda, ndipo limathera pa tsamba 53, mzere womaliza utalekezera pakati.